Kodi amene amaliza chambo ndi a neti za udzudzu?

Mayi amene mwafunsa ngati chambo chikusowa ku Senga Bay chifukwa cha asodzi ogwiritsa ntchito neti za udzudzu, yankho langa ndi lakuti mlandu ali nawo ndithu, koma si iwo okha, ndiponso si iwo amene akudyerera nyanjayi.

Neti ya udzudzu imaonongadi. Chambo chimakumba zisa pamchenga m'madzi osaya, ndipo chachikazi chimalera ana m'kamwa, choncho khoka la maso ang'onoang'ono likakokedwa m'mphepete limafafaniza zisazo ndi kukokolola kasawala (tiana ta chambo) yense. Komabe tifunse kuti akukokayo ndani. Kawirikawiri ndi mlovi wopanda bwato, injini ngakhale khoka la chilimira, amene akapita kukagwirira ena amalandira kagawo kochepa mwini zida atachotsa kale ndalama ya mafuta, pamene nsomba yabwino yakwezedwa pagalimoto kupita kumisika ya ku Lilongwe. Asodzi amadandaulanso kuti matrola, maboti akuluakulu okoka makoka amene malamulo amati azipha kumadzi akuya, amafika kufupi ndi gombe, koma komiti ya padoko yoyang'anira usodzi (BVC) ilibe boti lowathamangitsira, motero imene imatenthedwa anthu akuonerera ndi neti ya mmphawi.

Kumtunda nako mitengo yatha ndi makala ogulitsa m'tauni, ndipo Linthipe ndi Bua akutsitsa matope okwirira malo oswanirana, zimene zikupweteka mpasa umene umakwera mitsinje kukaikira mazira.

Chimene chimandichititsa kunena kuti vuto si umbuli wa asodzi ndi chilumba cha Mbenji kwathu konkuno ku Salima. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira umatseka chilumbachi m'dzinja monse mpaka kudzachitsegula mvula ikamatha, ndipo lamulolo silisankha, limamanga mwini maboti khumi chimodzimodzi ndi mlovi wake. Mowa ndi juga nzoletsedwa kumeneko. Asodzi omwewo amene timawatcha osamva amapirira miyezi yonseyo, chifukwa akudziwa kuti palibe wandalama amene azembere usiku kukakolola utaka umene iwo ausiya kuti uswane.

Lamulo la zausodzi la 1997 lidalola kuti anthu a m'madoko azitenga nawo mbali poteteza nsomba, koma mphamvu yopereka ndi kulanda ziphaso za matrola idatsalabe m'manja mwa boma. Ngati tikufuna kulembera khonsolo ndi nthambi ya zausodzi, pempho loyamba likhale lakuti makomiti a m'madoko azimvedwa ziphasozo zisanaperekedwe.