Kalabu ya alembi, mphoto ndi fellowship ku dipatimenti ya Chingerezi

Mwafunsa ngati kulowa kalabu ya alembi ya ku dipatimenti ya Chingerezi kuli ndi phindu, kapena ndi bwino kungolimbikira makalasi n'kumadikira mphoto ndi fellowship (ndalama zokuthandizani kulemba kapena kufufuza). Ine ndikuti lowani, chifukwa zomwe mudzatumize kukapikisana nazo zimasulidwira komweko.

Kalabu yabwino imadziwika ndi zochitika pa mkumano. Wina amagawa mapepala a ndakatulo yake, n'kuiwerenga mokweza, kenako n'kukhala duu anzake akuisanthula. Mnzako amaloza mzere wachitatu n'kunena mosapsatira kuti apa palibe chomwe wanena. Zimawawa ndithu, koma lekichala amene ali ndi mulu wa mapepala oti achonge sangakuchitireni zimenezo, amangolemba malikisi ndi mawu awiri m'mbali. Koma mukapeza kuti kalabuyo ntchito yake ndi kulimbirana maudindo basi, musatayepo nthawi.

Musamanyozenso kamagazini ka ophunzira. Nkhani zoyambirira za Ngugi wa Thiong'o zidatuluka mu Penpoint, magazini ya dipatimenti ya Chingerezi ku yunivesite ya Makerere ku Uganda, ndipo ku yunivesite ya Ibadan ku Nigeria mlakatuli J.P. Clark adali mkonzi woyamba wa magazini ya The Horn akadali wophunzira. Palinso mabungwe a ophunzira Chingerezi ngati Sigma Tau Delta, lomwe lidayamba mu 1924 ku America, koma kumeneko amayang'ana kaye magiredi anu.

Mphoto zambiri za zolembalemba zomwe mayunivesite amapereka zimakhala za ophunzira a yunivesite yomweyo. Newdigate ya ku Oxford ndi ya ndakatulo, idayamba mu 1806, ndipo Oscar Wilde adaipata mu 1878. Hopwood ya ku Michigan ndi imene Arthur Miller adapambana ali pasukulu. Chomwe chimagwetsa ambiri ndi kusawerenga malamulo. Akanena kuti dzina lisaoneke pa pepala, kapena mizere isapitirire yakuti, oweruza amaika pambali zolemba zanu asanaziwerenge n'komwe. Tsiku lotseka nalonso salikambirana.

Fellowship ndi ina. Amakupatsani ndalama kuti mukhale ndi nthawi yolemba kapena yofufuza. Stegner ya ku Stanford ndi ya zaka ziwiri, imatenga anthu 10 pachaka, 5 a ndakatulo ndi 5 a nkhani zopeka, ndipo safunsa digiri, amaweruza masamba omwe mwatumiza. Zina, makamaka za kafukufuku, zimafuna makalata ochokera kwa aphunzitsi anu. Apa mpamene kalabu imathandizanso, pakuti lekichala amene wakhala akumva mukuwerenga zolemba zanu amakhala ndi zenizeni zoti alembe, pomwe wongokuonani pa mndandanda wa mayina amangolemba kalata yozizira.

Pitani ku ofesi ya dipatimenti mukafunse mlembi wa mu ofesimo ndandanda wa mphoto ndi masiku ake otseka, chifukwa zina sizilengezedwa mokweza. Kalata ya lekichala muipemphe kudakali mwezi wathunthu, ndipo pomupempha mumupatsiretu zolemba zomwe mukufuna kutumizazo.