Tsitsi kuthothoka komanso vuto la m'mimba

Achemwali a ku Lizulu, mwafunsa ngati kuthothoka kwa tsitsi lanu kukugwirizana ndi kutsegula m'mimba komwe kwakuvutani nthawi yaitali. N'zotheka ndithu. M'mimba mukamavuta, thupi limalephera kuyamwa ayironi (mchere wothandiza kupanga magazi) ndi zakudya zomanga thupi, ndiye tsitsi limayoyoka, kawirikawiri patapita miyezi 2 kapena 3 chiyambireni kudwala. Njoka za m'mimba nazonso zimachepetsa magazi.

Pitani kuchipatala cha boma ku Ntcheu akakuyezeni magazi ndi chimbudzi, akaonenso ngati si zipere kapena chithokomiro. Kachewere wathuyu yekha sakwanira ayi, onjezani nyemba, usipa, mazira ndi bonongwe. Tiyi muzimwa patapita ola mutadya, chifukwa amatchinga ayironi. Kuluka mothina ndi mankhwala owongola tsitsi aja, musiye kaye.