Mipira yaitali ikuwapitirira anyamata anga

FUNSO: Ndimakhala ku America ndipo ndimathandiza kuphunzitsa anyamata a zaka 12 mpaka 14 mpira wa kuno, uja woponya ndi manja. Anandipatsa otchinga kumbuyo, ma cornerback (oima m'mbali) ndi ma safety (oima kumbuyo kwenikweni). Quarterback (woponya mipira) wa timu ina akangoponya mpira wautali, anyamata anga amapezeka atsala, mnzawo wa timu inayo wawakha kale. Ndiwathandize bwanji?
Bambo wa ana awiri

YANKHO: Bambo, musafulumire kunena kuti anyamatawo alibe liwiro. Nthawi zambiri amene amawagwetsa ndi maso. Mwana akamva anthu akukuwa amacheuka kufuna mpira, ndipo akangocheuka liwiro limatsika, amene amamulondera uja n'kupita.

Yambani ndi pomwe aziyang'ana. Receiver, uja wa timu ina wothamangira kukawakha mpira, amanamiza ndi mutu ndi mapewa, koma kumene chiuno chake chaloza ndi kumene akupita. Cornerback aime mayadi 6 kapena 7 kuchokera kwa iye, azibwerera chafutambuyo atawerama pang'ono, mapazi ali pafupi ndi nthaka. Mpata ukatsala mayadi atatu, atembenuze chiuno n'kuthamanga naye. Ana ambiri amachedwa pamenepa. Amadikira kuti mnzawo afike paphewa, pomwe madzi afika kale m'khosi.

Chimene ndimafuna mwana aliyense achigwire ndi ichi. Ngati akuthamanga phewa ndi phewa ndi receiver, moti dzanja lake likhoza kumukhudza m'chiuno, acheuke, afune mpira, n'kuulumphira uli m'mwamba. Koma ngati wapitiriridwa, ngakhale ndi sitepe imodzi, asacheuke ayi. Athamange maso ali pa manja a receiver. Manjawo akangotambasuka kuti awakhe, iye alowetse dzanja lake pakati n'kumuphumitsa. Ana amavutika kukhulupirira zimenezi chifukwa mtima umawauza kuti aone mpira, ndiye muyenera kubwereza mpaka thupi lizolowere. Ine ndimakonda kumuyambitsa mwana ali mayadi awiri kumbuyo kwa mnzake, mpira n'kuponyedwa, ndipo akacheuka ayambirenso. Kasanu kapena kasanu ndi kamodzi tsiku lililonse lokonzekera n'kokwanira.

Muwachenjezenso za kugwira. Mwana akachita mantha amakoka jezi kapena kukankha mpira usanafike, ndipo imeneyo ndi pass interference. M'masukulu a sekondale chilango chake ndi mayadi 15, pamene mu NFL, ligi yaikulu ya akatswiri, mpira umaikidwa pomwe pachitikira cholakwacho. Zomwe amamva pa TV, zoti wotchinga angakankhe receiver m'mayadi 5 oyamba okha, ndi lamulo la NFL la 1978, lomwe anthu amalitchula dzina la Mel Blount wa Pittsburgh Steelers. Inu onani malamulo a ligi yanu.

Safety ndiye asalole aliyense kumudutsa. Quarterback akanamizira kupatsira wothamanga ndi mpira, mwana amathamangira kutsogolo kuti akagwetse munthu, kumbuyo n'kutsala pululu. Aphunzire kudikira kaye mpaka aone kuti mpira wachokadi m'manja mwa quarterback.

Pa msinkhu umenewu ndikanayamba ndi Cover 3: anyamata atatu agawana kumbuyo patatu, aliyense ndi chigawo chake. Bwalo ndi lotambalala mayadi opitirira pang'ono 53, ndipo kuligawa pawiri monga mu Cover 2 kumawachulukira ana a zaka 12. Akazolowera kuitanizana ndi kupatsirana munthu, Cover 2 mudzayesa chaka chamawa.