Lumo la agogo lisapite pa gilayinda

Achimwene, mwafunsa ngati lumo lopinda la agogo anu, lija mwalipeza m'sutikesi litachita dzimbiri chigwiriro chitasweka, lingametenso ndevu, komanso ngati mungalipereke kwa anyamata onola mipeni kumsika. Kumeta limetanso ndithu. Koma kumsika kokha ayi, chonde.

Malumo amenewa ankawasula mowakumba mbali zonse ziwiri, moti chakukamwa kwake chitsulo n'chopyapyala ngati tsamba. Likangokhudza gilayinda limatentha nthawi yomweyo, n'kusanduka labuluu, ndipo kulimba konse kumene osula analipatsa pamoto kumathera pomwepo. Langa loyamba linafa choncho ndili chiimire pambali pa wonola wina, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Pa chithunzi chanu ndikuona mawu oti Sheffield, England pafupi ndi msomali umene lumolo limapindikirapo. Sheffield ndi kwawo kwa malumo, kumene kunali osula otchuka monga Wade & Butcher ndi Joseph Rodgers, pomwe ku Germany kunali Solingen. Liwu loti England lija likutiuzanso kanthu: kuyambira 1891 katundu wolowa ku America ankayenera kulembedwa dziko lochokera, ndiye malumo ambiri okhala ndi liwuli ndi a pambuyo pa chaka chimenecho. Posala dzimbiri muwateteze malembawo, ndiwo mbiri ya lumolo.

Chimene chandidetsa nkhawa ndi chigwiriro. Chachikasu chija chooneka ngati mnyanga chikundionekera kuti ndi celluloid, pulasitiki ya makedzana. Ikakalamba imatulutsa mpweya wa asidi umene umadya chitsulo. Tapindani lumolo muone: ngati dzimbiri lachuluka mbali yokhayo imene imabisala m'chigwiriro, msana uli woyera, mwapeza wolakwa. Chichotseni lero lomwe, ndipo chisagone pamodzi ndi zitsulo zina. Matani tepi kukamwa kwa lumo kuti musadzicheke, palani mutu wa msomali ndi tupa yaing'ono, kenako muukankhe pang'onopang'ono. Musanachitaye, chijambuleni papepala ndi pensulo kuti mukhale ndi muyeso.

Dzimbiri ndi ntchito ya manja. Yambani ndi sandipepa ya 400 yonyowetsa ndi mafuta pang'ono, mutaikulunga pa kamtengo kobulungira, mupite pa 600, 1000, mpaka 2000 (nambala ikamakwera, sandipepa imakhala yosalala kwambiri). Lumo ligone pa thabwa, musaligwire m'malere. Timaenje takuda takumtunda musalimbane nato mpaka kudya chitsulo. Agogo analigwiritsa ntchito, zipsera n'zake. Oopsa ndi maenje a kukamwa kwenikweni, chifukwa ponola pamangobenthuka mpaka mutafika pa chitsulo chabwino.

Tsono chigwiriro chatsopano, apa ndiye pokoma. Ine ndimakonda mlombwa wouma bwino: suvuta kusema, suopa madzi kwenikweni, ndipo ukapakidwa mafuta umafiira mokongola. Phingo ndi wolimba koposa koma ndi wolemera ndipo amang'aluka poboola ukapupuluma. Nyanga ya ng'ombe imathekanso, ndiyo inali pa malumo ambiri akale, kungoti imafuna kuitenthetsa ndi kuiwongola kaye. Minyanga ya njovu musaiganizire n'komwe, ndi mlandu. Kwa kalipentala mukapempha zidutswa zotsala, zikukwanirani.

Chekani timatabwa tiwiri tochindikala mamilimita atatu kapena kucheperako pang'ono, mutimate pamodzi ndi tepi yomata mbali ziwiri, ndipo mutiseme ndi kutiboola tili timodzi kuti mabowo afanane. Kumapeto kumene nsonga ya lumo imagona likatsekedwa, pakati pa timatabwato, kumafunika kachidutswa kopyapyala mbali imodzi ngati chitsulo chong'ambira nkhuni. Kameneko ndi kamene kamatsegula timatabwa kuti tipindike pang'ono n'kugwira lumo likatsekedwa. Ambiri amakaika kofanana mbali zonse, kenako n'kumadabwa lumo likukhulana ndi thabwa. Msomali wake ndi kawaya ka mkuwa ka mamilimita 1.6 ndi timawashala. Dulani kuti katsale pang'ono chabe pamwamba pa washala, ndipo mukhome ndi kahamala kakang'ono, mopepuka ngati mukugogoda dzira, kambirimbiri, mukutembenuza uku ndi uku. Mukamenya mwamphamvu kawayako kamapindikira m'kati, thabwa n'kung'aluka. Polimba bwino ndi pamene lumo lotsegulidwa theka likuima lokha osagwa.

Kunola kubwere pomalizira. Msana ndi kukamwa zigone zonse pamwala, osadzutsa msana monga tichitira ndi mpeni. Mwala wa 1000 kaye mpaka liyambe kumeta ubweya wa pamkono, kenako 4000 ndi 8000, n'kumalizira pa lamba wachikopa, msana uli patsogolo. Musanaliike patsaya lipukuteni ndi spiriti, ndipo mukameta muziliumitsa, makamaka pamsomali paja pamene madzi amabisala.

Musanadule msomaliwo, tumizani chithunzi china chapafupi cha kukamwa kwa lumolo litayang'ana dzuwa, tione limodzi ngati palibe mng'alu.