Kamzere koyera kotsalira m'mphepete mwa logo

Achemwali, mwati logo ya kwaya yanu ili pa malo oyera, mwayidula ndi Magic Wand, chida chosankhira malo a mtundu umodzi, kuti ikhale pa positala ya buluu, koma m'mphepete mwatsala kamzere koyera ngati ufa wokakamira pa lichero. Vutoli ndalimbana nalo nthawi yaitali, ndiye ndiloleni ndifotokoze bwinobwino.

Kulitsani chithunzicho mpaka 800% muyang'ane pomwe chilembo chofiira chikukumana ndi poyera. Muona timadontho ta pinki, ena ofiirirako, ena oyererako. Pulogalamu imasakaniza mitundu iwiriyo dala kuti m'mphepete musaoneke ngati mano a sowo. Magic Wand imatenga zoyera zenizeni n'kusiya timadontho tosakanizikato. Mu Photoshop, Tolerance yake, nambala yoiuza kuchuluka kwa mitundu yofananako yomwe itenge, imayambira pa 32, ndipo mukaikweza kwambiri imayamba kudya zilembo zomwe. Kufufuta ndi dzanja kumangochititsa kuti m'mphepete mukhale mokumbikakumbika.

Ngati muli ndi pulogalamu yokonzera zithunzi ya GIMP, yomwe ndi yaulere, chitani chonchi. Yambani ndi Add Alpha Channel, yomwe imalola chithunzi kukhala ndi malo oonekera, chifukwa popanda imeneyo malo omwe mwachotsa amangodzazidwanso ndi mtundu wina. Sankhani poyera paja ndi Fuzzy Select, yomwe ndi Magic Wand ya GIMP, osayiwala mabowo a m'kati mwa zilembo monga O, A ndi B. Kenako Select, Grow, ikani 2 kapena 3 kuti kusankhako kulowe pang'ono mu logomo. Mukatero pitani pa Colors, Color to Alpha, musankhe woyera. Chida chimenechi chimachotsa kuyera komwe kuli m'kadontho kalikonse n'kusiya kufiira kwake, kotero pa buluu paja m'mphepete mumakhala mosalala. Chenjerani apa: mukachigwiritsa ntchito pa chithunzi chonse musanasankhe malo, nkhunda yoyera kapena mawu oyera a m'kati mwa logo nawonso azimiririka. A Photoshop, mukadula pitani pa Layer, Matting, Remove White Matte kapena Defringe. Musanasunge, ikani mtundu wakuda kumbuyo kwake muone. Pakuda sipabisala kanthu.

Posunga, sankhani PNG. JPEG sisunga malo oonekera, ndiye ntchito yonse ija imabwerera poyera.

Koma mtima wanga uli pa funso ili: logoyo munaitenga kuti? Chaka china ndinapangira gulu la amayi mbendera ya mamita awiri, logo atanditumizira pa WhatsApp. Pa foni inkaoneka bwino. Itasindikizidwa, zilembo zinali zobalalika, timabokosi tikuoneka ngakhale uli chapatali, ndipo amayi aja anali atasonkha ndalama zawo. Zinandipweteka kwambiri. WhatsApp imafinya zithunzi, ndipo kufinyako kumasiya timadontho tauve mozungulira zilembo, tomwe timasokoneza chida chilichonse chodulira. Pemphani amene anajambula logoyo akupatseni fayilo yoyambirira, ya SVG, AI kapena PDF, aitumize pa WhatsApp ngati Document, osati ngati chithunzi, kuti isafinyidwe.

Ngati munthuyo sakupezekanso, ijambuleni mwatsopano kamodzi kokha. Mu pulogalamu ya Inkscape muli Trace Bitmap, yomwe imatsata yokha mizere ya chithunzi, ndipo imachita bwino pa logo ya mitundu iwiri kapena itatu. Ikakhala yowonongeka kwambiri, itsatireni nokha ndi Pen tool, ndipo mawuwo muwalembenso ndi font yofanana nayo m'malo mowatsata. Zingakutengereni madzulo amodzi, koma mukhala ndi logo yomwe mutha kuikulitsa kuchoka pa baji mpaka pa chikwangwani osasweka.

Masamba a pa intaneti ochotsa kumbuyo ndi batani limodzi amathandiza pa chithunzi cha munthu, koma pa zilembo zing'onozing'ono amasiya mabowo osatsegula kapena kudya timizere topyapyala. Ngati positala ikufunika Lamulungu lino, yambani ndi njira ya GIMP ija, ndipo mukakanika pena ikani chithunzi pano tione pomwe pavuta.