Ndinakulira ku Senga Bay, kodi ntchito ya lifeguard ndingaipeze ku UK?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wina amene ali pa yunivesite ku Manchester. Walemba kuti: "Ankolo, ine ndinakulira ku Senga Bay, madzi sindiwaopa. Pa leisure centre ya pafupi ndi pomwe ndikukhala akufuna ma lifeguard. Kodi pamafunika pepala lanji? Nanga munthu wodziwa kale kusambira ngati ine n'kufunikanso kuphunzira?"

Mphwanga, pepala likufunika ndithu, ndipo maphunziro suwazemba. Pepalalo ndi National Pool Lifeguard Qualification, koma aliyense amangoti NPLQ. Limachokera ku bungwe la Royal Life Saving Society UK, lomwe linayamba mu 1891, ndipo malo ambiri osambirako m'dzikoli amafunsa limeneli. Pofika tsiku la mayeso uyenera kukhala utakwanitsa zaka 16, choncho kumbali ya zaka ulibe vuto.

Usanayambe kosi amafuna uonetse kuti zinthu zingapo umazitha kale. Udumphire pakuya. Usambire mamita 50 masekondi 60 asanakwane. Usambire mamita 100 osapumira, chafufumimba komanso chagada. Uyandame malo amodzi pakuya kwa masekondi 30 mapazi osagunda pansi. Ulowe mpaka pansi penipeni pa dziwe, kenako utuluke wekha m'mbali osagwiritsa makwerero.

Zolowa pansizo ndikudziwa kuti waseka, mwana wa kunyanja. Koma za wotchi usazitenge mwachibwana. Kwathu timasambira mutu uli pamwamba, tikucheza, ndipo palibe amene amatiwerengera masekondi. Kusambira kotero kumakufikitsa patali, koma liwiro kulibe. Chagada nachonso ambirife sitinachizolowere, chonsecho pokoka munthu umakhala chagada kapena chammbali, dzanja limodzi lili pa iye, ntchito yonse ili m'miyendo. Usanalipire kalikonse, tenga mnzako wa foni mupite ku dziwe la mamita 25, upite n'kubwerera iye akuwerenga nthawi. Ukapitirira mphindi imodzi, yamba wakonza zimenezo. Kuphunzira kupuma nkhope ili m'madzi kokha kumadula masekondi angapo.

Kosiyo ndi ya maola osachepera 36. Ena amaiphunzitsa sabata imodzi yathunthu, makamaka pa holide, ena amaigawa Loweruka ndi Lamlungu. Pomaliza pali mayeso olemba ndi a m'madzi, ndipo wokuyesa sakhala mphunzitsi wako uja, amabwera wina. Pamayeso a liwiro umasambira mamita 20 n'kumukoka munthu mamita 20 m'masekondi 65. Kenako mamita 20, n'kukoka wokomoka mamita 10 m'masekondi 45. Amakuphunzitsanso kutembenuza munthu amene akuganiziridwa kuti wavulala msana, mutu ndi khosi osazigwedeza, mpaka anzako afike mumunyamulire limodzi. Apa mphamvu zokha sizithandiza. Ukachita phuma ndiye wamuvulaza kawiri.

Gawo lina ndi la chithandizo choyamba. Mudzagwada pansi nthawi yaitali mukukanikiza zidole pachifuwa mpaka mawondo kuwawa. Munthu wovuulidwa m'madzi amene sakupuma amayamba wamuuzira mpweya kasanu, chifukwa chomwe chamugwetsa ndi kusowa mpweya. Kenako kukanikiza pachifuwa ka 30, kuuzira kawiri, n'kumabwereza choncho. Kwa munthu wamkulu chifuwa chizilowa masentimita 5 kapena 6, ka 100 mpaka 120 pa mphindi. Mudzaphunziranso makina a AED, aja odzidzimutsa mtima ndi magetsi, ndi kutuma munthu mmodzi, womuloza ndi chala, kuti aimbe 999, nambala ya zadzidzidzi.

Tsono chomwe ndikufuna umvetsetse n'chakuti ntchito imeneyi ndi ya maso. Ukhoza kutha miyezi osanyowa n'komwe. Munthu amene akumira nthawi zambiri sakuwa ndipo sakweza manja kuitana. Amakhala chilili m'madzi, mutu wapendekera kumbuyo, pakamwa pakulowa ndi kutuluka, manja akupalasa m'mbali. Mpweya wokuwira alibe. Mwana akhoza kumira makolo ake ali pomwepo akuyesa akusewera. N'chifukwa chake amaphunzitsa kuti maso ako azizungulira dera lonse lomwe wapatsidwa mosalekeza, ndipo uzitha kufika paliponse m'deralo m'masekondi 20. Zimamveka zophweka. Koma tayerekeza kukhala pampando wautali m'chipinda chotentha, fungo la chlorine lili guu, ana akukuwa, magetsi akunyezimira pamadzi, foni ili mu loka, iwe n'kumayang'anabe pansi pa dziwe ndi m'makona. Amakusinthani malo pafupipafupi podziwa kuti maso amatopa. Ine ndikadakhala wolemba ntchito, ndikadasankha wosambira bwino pang'ono koma watcheru, kusiyana ndi katswiri wokonda kucheza ndi atsikana m'mbali mwa dziwe.

Dziwanso kuti ukatsika pampandopo pali mopu. Kukolopa mosinthira zovala, kumanga zingwe zogawa mizere, kuletsa ana kuthamanga, nthawi zina kudzudzula bambo wamkulu kuposa iwe amene akudumphira posaya. Kwathu tinaleredwa kuti wamkulu sumudzudzula pagulu. Pamenepo uyenera kulimba mtima, mwaulemu koma momveka.

Za ndalama, kosi imadya mapaundi mazana angapo ndipo mtengo umasiyana malo ndi malo. Usathamangire kulipira. Popeza akusowa anthu, kafunse kaye kwa manijala wa pamalopo, chifukwa ena amakulipirira kosi ukavomera kuwagwirira ntchito. Adzafunanso kukuchita DBS check, kufufuza ngati unapalamulapo mlandu, poti uzikhala ndi ana. Ndipo ngati uli pa Student visa, kumbukira malire a maola 20 pa sabata sukulu ikakhala yotsegula. Mashifiti a m'mamawa ndi a madzulo amagwirizana bwino ndi makalasi.

Satifiketiyo imakhala zaka ziwiri zokha. Kuti uiwonjezere umayesedwanso, utasonyeza maola 20 a maphunziro obwereza, omwe malo ambiri amachititsa antchito awo mwezi ndi mwezi. Osamajomba masiku amenewo.

Mwina m'mutu mwako muli kale zokakhala pamchenga nthawi yotentha, pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu. NPLQ siikufikitsa kumeneko. Kugombe kuli pepala lakelake, National Vocational Beach Lifeguard Qualification, ndipo bungwe la RNLI, lomwe limalondera magombe ambiri, limafuna usambire mamita 400 m'mphindi zisanu ndi ziwiri ndi theka, komanso uthamange mamita 200 pamchenga masekondi 40 asanathe. Mafunde a mwera unawaona, inde, koma nyanja ya mchere imadzaza ndi kuphwa tsiku lililonse, ili ndi mikokomo yokokera munthu kutali ndi gombe, ndipo madzi ake ndi ozizira moti ukangolowa mpweya umabanika. Yamba ndi dziwe la ku Manchester komweko, ndipo ukayesa mamita 50 aja undilembere nthawi yomwe wapeza.