Mafunso a Owerenga: Kodi nsanja ya pa Robben Island inali yolondera akaidi?

Funso: A Mkonzi, mwana wanga amene amagwira ntchito ku Cape Town wanditumizira pa WhatsApp chithunzi cha nsanja yoyera imene ili pa chilumba cha Robben Island, kuja anatsekeredwa Nelson Mandela. Kuno kwathu takhala tikutsutsana, ndipo anzanga akuti pamwamba pake pankakhala asilikali oyang'anira akaidi kuti asathawe. Kodi zimenezi n'zoona? Ndine wowerenga wanu, bambo wa ku Lobi, Dedza.

Yankho: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Anzanuwo sanalondole, pakuti nsanjayo inamangidwa m'chaka cha 1864, pamene a Mandela anakayamba ukaidi wawo wa zaka 18 pachilumbacho mu 1964, patadutsa zaka 100 zathunthu. Ntchito yake ndi kunyamula nyali yochenjeza oyendetsa sitima zapamadzi zimene zikulowa mu Table Bay, chigawo cha nyanja yamchere chimene chinalowerera kumtunda pamene pali doko la Cape Town.

Vuto la chilumbachi n'lakuti n'chathyathyathya, ndipo chazunguliridwa ndi miyala imene mafunde amaiphimba, moti usiku woyendetsa sitima amangozindikira ataigunda kale. Azungu a ku Netherlands amene anafika kumene lero kuli Cape Town ndi mtsogoleri wawo Jan van Riebeeck mu 1652 anaona msanga ngozi imeneyi, choncho anayamba kusonkha chimoto chachikulu pa kachitunda kotalika kuposa malo onse pachilumbapo. Koma moto wa nkhuni umagonja ku mvula ndi mphepo, ndipo mu 1694 sitima yotchedwa Dageraad inasweka pamiyala yomweyo. Pa kachitunda kameneka, kamene lero kamatchedwa Minto Hill, mpamene boma la atsamunda a ku Britain linadzaimika nsanja yotalika mamita 18, ndipo nyali yake inayatsidwa koyamba mu Januwale 1865.

Komabe nyali siithetsa zonse. Inu a ku Dedza mukuidziwa nkhungu ya mu Juni, ija imatsika m'phiri n'kuphimba msewu wa M1 mpaka woyendetsa galimoto osaona ngakhale munthu wokankha njinga ya makala patsogolo pake. Nkhungu ya panyanja imachita chimodzimodzi, ndipo ndi imene inasocheretsa sitima yonyamula anthu ndi makalata ya Tantallon Castle, imene inagunda miyala ya chilumbachi mu 1901, nyali ilipo kale zaka zoposa 30.

Nyaliyi inayamba kuyendera magetsi mu 1938 ndipo ikugwirabe ntchito, ngakhale ndende inatsekedwa ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, inaika chilumbachi pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 1999. Kuwala kwake kumafika mtunda wa makilomita oposa 40. Mwana wanuyo akaime m'mbali mwa nyanja ku Bloubergstrand, dera la Cape Town loyang'anizana ndi chilumbachi, dzuwa litalowa, ndipo adzaona kuti nyaliyo siizungulira monga zimachitira zinzake zambiri, koma imayaka n'kuzima, kenako n'kuyakanso.